A Ng'anjo ndi Muwanga wa Anabanda

Mwezi uno chakwana chaka chathunthu chimwalirireni apongozi anga aamuna, a Zakeyu Mbewe, amene anthu a m'makomboni a m'mapulazi ozungulira tauni ya Karoi ankawadziwa ndi dzina lakuti a Ng'anjo. Pa maliro awo ndidapemphedwa kuwerenga mbiri, koma tsikulo kudali mphepo ya fumbi ndipo anthu adali ndi ludzu, choncho ndidangotchula kwawo, ana awo ndi mpingo wawo, n'kukhala pansi. Zimene ndidasiya tsiku limenelo ndizo ndikulemba pano. Ndikuzilemba m'Chichewa chimene iwo ankalankhula, ngakhale ndikudziwa kuti zidzukulu zawo zidzafuna munthu wozimasulirira m'Chishona.

Kwa ife ana awo adapempha chinthu chimodzi chokha, ndipo adachipempha kawirikawiri mpaka chidasanduka ngati moni: kuti akadzamwalira tidzawaike pafupi ndi akazi awo, Anabanda, amene adatsogola kalekale, pulazi ikadali m'manja mwa mzungu. Kwawo ku Dedza pempho lotere likadadabwitsa anthu, pakuti kumeneko mwamuna amakagona pakati pa abale a amayi ake, osati pambali pa mkazi. Koma iwo adachoka ku Dedza asanamere ndevu, adayenda pansi kudutsa ku Tete, ndipo sadabwererekonso. Ankanena kuti m'dziko lino alibe malume, alibe mlongo, alibe mbumba. Chibale chawo chonse chidali mkazi mmodzi uja.

Achinyamata a masiku ano amawakumbukira ngati nkhalamba yovala jasi lakuda, imene m'zaka zake zomaliza inkayendayenda pa mtunda wopanda mitengo kuseri kwa komboni, ikuwerenga mapazi ake mokweza, n'kuima, n'kubwerera kukayambiranso. Ena ankati mutu wasokonezeka. Mutu wawo udali bwino kuposa wa ambiri a ife. Chimene ankawerengera mapaziwo ndichifotokoza, koma ndiyambe ndi ntchito yawo, chifukwa popanda iyo zinazo sizingamveke.

Fodya wa kuno saumitsidwa ndi mphepo m'chigafa monga wa kwa makolo athu. Amawambidwa ndi moto. Masamba amapachikidwa m'balani, nyumba yaitali yanjerwa, ndipo kunja kwake kumakhala ng'anjo imene kutentha kwake kumayenda m'mapaipi pansi pa masambawo. Kwa sabata yathunthu moto suzima. Ukachepa, tsamba limawola. Ukachuluka msanga, limauma likadali lobiriwira, ndipo thukuta la chaka chonse lapita. Ntchito ya apongozi anga idali kusonkhezera moto umenewu, ndipo pa mapulazi onse a kumpoto kuno padalibe wofanana nawo.

Mzungu adapachika m'balani kagalasi koyezera kutentha. Iwo sankakayang'ana. Ankalowa, kutseka chitseko, kuvula chipewa, n'kuima chete kwa kanthawi akumvetsera kutentha ndi kumbuyo kwa khosi lawo. Akatuluka ankangonena kuti zikuni ziwiri, kapena kuti tsegulani pamwamba, ndipo zinkakhala momwemo. Za kagalasiko ankati kamadziwa kutentha koma sikadziwa fodya. Nsidze zawo zidapserera ali mnyamata ndipo sizidamerenso, kotero kuti nkhope yawo inkaoneka ngati ya munthu wodabwa nthawi zonse, ngakhale adali munthu wosadabwa msanga. Fodya sankasuta; ankati munthu sadya chimene wachiona chikutuluka thukuta. Chikuni chilichonse ankayamba achigogoda ndi chigwiriro cha nkhwangwa, n'kuchinunkhiza, asanachiponye pamoto. Moto wa mtundu uliwonse, ngakhale wophikira tiyi, sankaufulatira, chifukwa ankati moto ndi bwana: ukaupatsa msana wakuchotsa ntchito. Chishona ankachimva chonse, koma atakhala m'dziko lino zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi ankachilankhulabe mopotoka, ndipo ndimakhulupirira kuti ankachita dala.

Ine ndidakwatira mwana wawo wamkulu, Esinati, ndili mphunzitsi pa sukulu ya papulazi. Sadanditchulepo dzina, kufikira tsiku lomaliza ndidali aphunzitsi, ngakhale nditapuma ntchito. Tidayambanapo kwambiri kamodzi kokha, ndipo nkhani yake idali ya mvula.

Iwo ankadziwa mvula monga munthu adziwira abale ake. Ankati kale chizimalupsa chinkagwa mitengo ya msasa itangophuka masamba ofiira, kenaka kunkatentha masabata angapo, ndipo mvula yodzalira inkafika damu la papulazi lisanaonetse matope. M'zaka za posachedwapa misasa yotsala inkaphuka, kufiira, kubiriwira, n'kufota, kumwamba kuli mbee. Damu lidang'ambika pansi. Tsiku lina la mu Disembala, chimanga chitapserera m'mizere, adabwera kwathu masana n'kukhala pakhonde.

"Aphunzitsi, inu amene mumawerenga nyuzi, mvula ija yapita kuti?"

Ndidawafotokozera mwadongosolo monga ndinkachitira m'kalasi. Ndidati utsi wa mafakitale, wa magalimoto ndi wa malasha a m'maiko ambiri wakwera kumwamba n'kuyala ngati bulangeti, kotero kuti kutentha kwa dzuwa kukalowa sikutulukanso konse, ndipo nyengo zasokonekera.

"Mwazungulira njira yaitali," adatero. "Mukanangonena kuti dziko lasanduka balani ndipo wina watseka timazenera ta padenga."

"Mungathe kutero."

"Ndiye wosonkhezerayo ndani? Ameneyo ngati si waulesi ndi woledzera. Akungoponya nkhuni osalowa kukaona tsamba. Ine khosi langali likundiuza kuti moto uwu ndi womalizira, woumitsira mitsempha ya fodya, pamene tsamba likadali laliwisi."

Ndikadalekera pomwepo. Koma ndidapitiriza kunena kuti osonkhezerawo ndi ambiri, aakulu ndi aang'ono, ndi kuti mitengo yonse imene idatha pa mapiri athu sidapite ku Ulaya, idalowa m'ng'anjo za kuno. Adandiyang'ana ndi nkhope yopanda nsidze ija.

"Esinati amene amakusitirani malaya oyerawo adaleredwa ndi utsi womwewo, aphunzitsi. Mukamaliza kuuda mundibwezere mwana wanga."

Adanyamuka osamwa tiyi, ndipo padapita milungu iwiri asanapondenso pakhomo panga. Atabwera sadatchule za mkanganowo; adangondifunsa ngati bulangeti lija lingathe kuchotsedwa. Ndidati sindikudziwa. Adati nawonso amaganiza choncho.

Ndiyenera kuwachitira chilungamo pa nkhani ya mitengo. M'masiku a mzungu ng'anjo zinkadya malasha obwera pa lole ndi bulugamu wodzalidwa pa pulazi pomwepo. Mapulazi atagawidwa, malasha adasiya kubwera, bulugamu adatha m'zaka zochepa, ndipo pa malo a mabalani aakulu khumi padamera timabalani tambirimbiri, puloti iliyonse kake. Tonseto tinkafuna nkhuni. Anthu athu a m'komboni, amene sadalandireko malo chifukwa ankatchedwa alendo, adatsala ndi ganyu, amene kuno amati maricho, ndipo ganyu wosasowa m'miyezi yowamba fodya adali kudula mitengo. Idayamba kutha ya m'mbali mwa msewu, kenaka ya m'mphepete mwa mtsinje, kenaka ya m'mapiri. Apongozi anga, amene pa nthawiyi adali kale ndi imvi, ankalimbiranidwa ndi alimi atsopanowo, chifukwa balani losonkhezeredwa ndi iwo linkatulutsa tsamba lachikasu chowala.

Pamene mitengo inkatha ponseponse, kudatsala nkhalango imodzi, ya kumanda. Mandawo adali pa mtunda wotsetsereka kuseri kwa komboni, malo amiyala amene mzungu woyamba adapereka chifukwa sakadalimika. M'menemo mudagona anthu a ku Dedza, a ku Ntcheu, a ku Mangochi ndi a ku Tete, ndipo padalibe ndi mmodzi yemwe amene adamangiridwa chiliza. Simenti idali ya mabalani, ndipo ambiri mwa oika malirowo sankadziwa kulemba. Mwambo umene udakhazikika udali wakuti manda aliwonse akumbidwe patsinde pa mtengo wamoyo, ndipo mtengowo upatsidwe chizindikiro cha banjalo. Ena ankatema mphini pa khungwa, ena ankakhomera mbale yachitsulo, ena ankamangirira khosi la botolo. Mtumbira umaphwa m'zaka zochepa, koma mtengo umakhalapo; motero munthu akafuna kunena za m'bale wake sankati ali m'manda akuti, ankati ali pa msuku wopindika, kapena pa msasa wa nthambi ziwiri.

Anabanda adaikidwa patsinde pa muwanga. Iwo ankagwira ntchito m'shedi yosankhira fodya, kumene wantchito aliyense adali ndi kachitsulo kozungulira kolembedwa nambala yake. Apongozi anga sankadziwa zilembo koma manambala ankawadziwa. Adatenga kachitsulo ka akazi awo, n'kukapisa pa waya wa mpanda wopota patatu, n'kuzunguliza wayayo pa thunthu la muwangawo pa msinkhu wa chifuwa. M'kupita kwa zaka mtengo udakula n'kumeza waya ndi kachitsulo komwe, pongotsala mkombero wotupa pa khungwa. Iwo ankakondwera nazo. Ankati tsopano ngakhale mbala singachotse.

Pali mwambo wina umene ndiyenera kutchula. Kwa ife munthu salowa kumanda popanda chifukwa. Amapitako pa maliro, ndiponso kamodzi pa chaka, m'chilimwe, pokalambula. Kuwamba fodya kumachitika m'dzinja, mvula ili mkati. Choncho pakati pa kulambula kwa chaka china ndi kwa chaka chinzake pamapita miyezi yambiri palibe munthu wamkulu wopondako, ndipo mtundawo suoneka kuchokera kukomboni chifukwa pali chitunda pakati.

Chaka china, nyengo yowamba itafika, apongozi anga adalembedwa ndi a Marufu, mlimi wa puloti ya kumunsi kwa damu, munthu wofatsa amene ankawatchula kuti Sekuru Achimwene, sekuru kutanthauza agogo m'Chishona. A Marufu adagula ngolo zingapo za nkhuni kwa amuna a m'komboni mwathu. Sabata imeneyo apongozi anga adaziyamikira nkhunizo kwa aliyense amene adakumana naye. Ankati papita zaka asanagwire muwanga wokhwima chotero, wolemera ngati chitsulo, wosathetheka, wogwira moto osafuna kuyang'aniridwa. Ankagogoda ndi kununkhiza monga mwa chizolowezi, koma maso awo adali atayamba kuchita mdima, ndipo zikuni zidali zitawazidwa kale.

Loweruka m'mawa Esinati adandipempha kuti ndiwaperekere chakudya. Ndidapeza moto utazimitsidwa, balani litatsegulidwa, a Marufu atanyamula tsamba limodzi pa dzuwa akuseka okha.

"Aphunzitsi, taonani. Apongozi anuwa si munthu wamba. Tsamba ili likafika kumsika adzaliimirira."

Apongozi anga adali atagwada pakamwa pa ng'anjo akuchotsa phulusa ndi fosholo. Ntchito imeneyi sankaipereka kwa wina. Ankati phulusa ndi limene limauza wosonkhezera zolakwa zake. Ndidamva fosholo ikukhula chitsulo. Adapisa dzanja m'phulusa lofunda n'kutulutsa waya wopindika, wakuda, wopota patatu. Adaupukuta pa jasi. Kachitsulo kadali kakulendewerabe. Adakalavulira, n'kukapukuta ndi chala, n'kukayandikitsa kumaso, kenaka adandipatsa.

"Werengani, aphunzitsi. Maso anga akhoza kunama."

Ndidawerenga nambalayo mokweza. Idali ya Anabanda. A Marufu adafunsa chimene chachitika, ndipo nditawafotokozera adaika tsamba lija pansi n'kuvula chipewa.

"Sekuru, ine ndinangogula nkhuni. Sindinafunse kumene zachokera."

"Ngakhale ine sindinafunse," adatero apongozi anga. "Inu munagula ndi ndalama. Ine ndinaponya ndi manja."

Adaimirira, n'kuyamba kuyenda kulowera kumtunda, fosholo ili m'manja. Ndidatumiza mawu kwa Esinati ndipo tidawapeza ataima pamwamba pa chitunda. Kumene tinkadziwa kuti kuli mdima wa nkhalango kudali kuwala kwa dzuwa kokhakokha. Mbali ya kumunsi kudatsala timitengo tochepa. Kwina konse kudali zitsa zoyera, nthambi zofota ndi mikwasa ya ngolo yodutsa pamwamba pa anthu. Mbale zachitsulo zingapo zidali mbwee m'udzu.

"Kuno sikunawalepo chonchi," adatero, n'kutsika.

Njira yopita kwa Anabanda ankaidziwa motere: kulowa pa msuku wopindika, kuyenda mapazi makumi awiri molunjika kotulukira dzuwa, kukhota pa msasa wa nthambi ziwiri, ndipo muwanga uli kudzanja lamanja. Tsopano msuku kudalibe, msasa kudalibe. Zitsa za muwanga m'chigawo chimenecho tidapeza zinayi, zonse zodulidwa mmunsi, pansi pa pamene padali waya, ndipo kuchokera pa choyamba kufika pa chomaliza padali mtunda woposa bwalo la sukulu. Adagwada pa chilichonse, kuchisisita, kuchinunkhiza, kuyeza kukula kwake ndi mikono. Adafunsa Esinati ngati akukumbukira. Esinati adali mtsikana pamene amayi ake ankaikidwa, ndipo chimene ankakumbukira chidali mthunzi.

Akuluakulu a m'komboni adaitanitsa msonkhano. Poyamba palibe amene adavomera kuti adadula, ngakhale aliyense ankadziwa ngolo zimene zidakwera mtundawo. Mwamuna wina, amene bambo ake nawonso adagona kumeneko, adalankhula ali chowerama kuti akufa samva njala koma ana ake amaimva, ndi kuti akadapanda kudula iye akadadula a m'komboni ina. Anthu adayang'ana apongozi anga kuyembekeza kuti akalipa. Iwo adangofunsa ngati pali amene akukumbukira kuti muwanga wa mkombero wotupa adaudula pati. Adalonjeza kuti sadzamutchula dzina, sadzamutengera kwina kulikonse, angowalozera chitsa. Palibe amene adawalozera. Ndikhulupirira kuti sadabise dala; munthu wodula mitengo makumi angapo pa tsiku, akuthamangira kuti asaonedwe, sayang'ana khungwa.

Adatchingira zitsa zinayi zija ndi minga. Muwanga ndi msasa zimaphukanso zikadulidwa, ndipo iwo ankati mtengo wa Anabanda ukadzaphuka adzaudziwa ndi kaimidwe kake. Zitatu zidatulutsadi mphukira. Koma dzinja lotsatira mvula idadula mu Januwale kwa milungu yambiri, msipu udatha, mbuzi zidathyola mingayo n'kudya mphukira zonse. M'chilimwe moto wolusa udadutsa. Nyengo yowamba itafikanso, mitengo yoti n'kudula kudalibe, ndipo anthu adayamba kukumba zitsa. Tsiku lina adabwera kwathu n'kunena kuti zonse zinayi zapita, patsala maenje. Kenaka adawonjezera kuti amene adakumbayo ntchito amaidziwa, chifukwa chitsa cha muwanga chimagwira moto kuposa thunthu. Maenjewo adakwiririka ndi dothi lokokoloka mvula itagwa kawiri. Kuyambira pamenepo ndi pamene adayamba kuwerenga mapazi, kuchokera pamene ankaganiza kuti padali msuku. Koma tsiku lililonse msukuwo unkasuntha.

Ndikadakonda kulemba kuti sadayandikirenso ng'anjo. Sizidali choncho. Adakhala nyengo imodzi osagwira ntchito, kenaka a Marufu atabweranso kudzawapempha, adatenga chipewa. Esinati adaima pakhomo. Sindidamumvepo akulankhula ndi bambo ake motero, kale kapena pambuyo pake.

"Ababa, mwawotcha amayi. Mwatsala kuwotcha ndani?"

"Choka pakhomo, Esinati."

"Chakudya mukudya kwathu. Chikusowa n'chiyani?"

"Ndikakana ine aitana wosadziwa, ndipo adzawotcha ngolo zisanu pamene ine ndiwotcha zitatu. Ziwiri zotsalazo ndi mitengo."

"Mitengo yake iti? Ilipo?"

Adamulambalala n'kupita. Kaya chifukwa chimene adaperekacho chidali chenicheni, kaya sankadziwa kukhala munthu wina kupatula a Ng'anjo, sindingathe kuweruza. Chimene ndikudziwa n'chakuti kagwiridwe kawo ka ntchito kadasintha. Chikuni chilichonse ankachipapasa kuchokera kumutu mpaka kumchira asanachiponye, ndipo alimi adayamba kudandaula kuti akuchedwa. Zimene ankapeza ankaziika m'thumba la feteleza: mkombero wa mbale, msomali waukulu, khosi la botolo lomangidwa pa waya, chidutswa cha khungwa cha mphini zitatu. Zina zidali zochokera kumanda a mapulazi ena, pakuti si athu okha amene adadulidwa. Lamulungu akaweruka kutchalitchi ankayenda nalo thumbalo nyumba ndi nyumba, kukhuthula pansi, n'kufunsa ngati pali wozindikira. Anthu ankawapatsa mpando ndi madzi, koma zinthuzo sankazikhudza. Ena ankaopa, ena ankachita manyazi, ndipo ambiri adali ana a ana, amene sadauzidwe kuti agogo awo adali pa mtengo uti. Palibe chimodzi chimene chidapeza mwini wake.

Adasiya ntchito maso atatheratu. Adamwalira mu Okutobala, m'masiku otentha kwambiri moti nkhuku zinkafa m'khola. Dzulo lake adandiitana n'kundibwerezera pempho lija, koma adalisintha pang'ono. Adati tikalephera pafupi, tiyese mbali yomweyo.

M'mawa mwake adzukulu okumba manda adatifunsa kuti akumbe pati. Esinati adaloza kumtunda, pafupi ndi mwala wosongoka umene ankati akuukumbukira. Ine ndidaloza chakumunsi, kumene ndidaona apongozi anga akuima kawirikawiri akamaliza kuwerenga. Tidakangana motsitsa mawu, anthu akutiyang'ana. Mkulu wa adzukulu adati dzuwa likukwera ndipo nthaka ndi yolimba ngati njerwa. Ngati sitigwirizana akumba pakati. Adakumba pakati. Adatsika mosamala poopa kupeza munthu wina, koma sadapeze aliyense. Mtengo woti tiikepo chizindikiro padalibe. Tidaunjika miyala pa mtumbira, ndipo ine ndidazika mtanda wathabwa umene ndidalembapo dzina lawo ndi utoto woyera, chilembo chilichonse m'malo mwake. Tidagwirizana kuti chaka chikatha tidzamanga chiliza cha simenti, choyamba pa manda amenewo.

Mvula ya dzinja lapitali idachedwa mpaka anthu adataya mtima, kenaka idagwa yonse pamodzi kwa masiku awiri. Kukomboni zipupa zingapo zidagwa. Kumanda, monga mwa mwambo, sitidapiteko.

Sabata yatha ndidapitako ndi Esinati pamodzi ndi mmisiri womanga, kuti tikamuonetse poti amange. Mtanda kudalibe; thabwa louma silingakhale miyezi khumi ndi iwiri pa malo amene anthu akukumba mizu kuti apeze nkhuni. Miyala imene tidaunjika idabalalika ndi madzi n'kusakanikirana ndi miyala ina yonse ya pamtundapo. Mmisiri adakhala pa wilibala yake n'kudikira. Tidayenda uku ndi uku kwa ola lathunthu, Esinati patsogolo, ine pambuyo, ndipo sitidakanganenso, chifukwa padalibe amene adali ndi poloza. Pomaliza mmisiriyo adafunsa mwaulemu ngati angapite, popeza adali ndi ntchito ina yokonza balani.

Mtundawo tsopano ndi wofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi. Dothi lakuda la pansi pa mitengo lidatsetsereka n'kukadzaza damu, ndipo chatsala ndi nsangalabwi ndi udzu wa apo ndi apo umene mbuzi zaumeta mpaka kumizu. Mbalame sizilirako, pakuti zilibe potera. Palibe mthunzi woti munthu aimepo polira. Ofika amaphimba kumutu ndi chitenje kapena chipewa, n'kufulumira kubwerera. Pakati penipeni padang'ambika chigwembe chozama kuposa msinkhu wanga, cha m'mbali zoongoka ngati zodulidwa ndi khasu, ndipo chayamba kale kutulutsa nthambi ziwiri zolowera kumtunda. Sitidasuzumiremo. Kumunsi, kutsidya kwa damu louma, alimi akuthirira nazale za fodya ndi madzi a m'migolo, ndipo timabalani tayima m'mizere kudikira dzinja. Mvula ya chaka chino sinayambe, ndipo tonse tikuipempherera. Ikadzagwa, chigwembecho chidzafika pamene tidaima.